Elesi Anasuntha Chikhomo

Elesi Banda anafika ku Lusaka m'chaka cha 1953 pa lole ya katundu yochokera ku Katete, mwana ali kumsana, mtondo uli kumapazi. Anzake a pa ulendo anamuseka kuti akupita ndi chipika ku tauni ngati kumeneko kulibe ufa. Elesi sanali munthu woyankha msanga. Mawu ankayamba wawatembenuza kaye m'kamwa, ndipo nthawi zambiri pamene ankati awatulutse, nkhani inali itapita kale kwina.

Mwamuna wake, Dyton, ankanyamula katundu ku sitesheni ya sitima, ndipo anali atapatsidwa nyumba ku Matero: zipinda ziwiri, denga lotsika, ndi kabwalo kutsogolo kotchingidwa ndi mpanda wa nkhadze. Elesi anapeza kamunda kuseri kwa komboni, kumene azimayi ankalima popanda wowafunsa, ndipo chaka ndi chaka amalume ake ankatumiza thumba la chimanga pa lole. Koma chimanga sichisanduka ufa chokha. Kawiri pa mlungu Elesi ankakonola, kupeta, kuviika mphale, kuyanika, kusinja, kusefa, n'kubwezeranso misere mumtondo. Chigayo chinaliko, koma kutali, kufupi ndi njanji, ndipo wopita kumeneko ndi dengu pamutu ankabwerako dzuwa litapendeka. Pa kalata ya nyumba panalembedwa kuti Dyton Banda, wantchito. Elesi Banda, sagwira ntchito. Tsiku limene Dyton anamuwerengera mawu amenewo, Elesi anangoyang'ana zikhatho zake, n'kunyamula chidebe kupita ku pompi.

Zaka zisanu ndi zitatu zinapita motero. Dingani, mwana uja anabwera ali kumsana, anayamba sukulu. Kunabadwa Ennie, kenako Marjory, ndipo pakati pawo panali wina amene anangokhala miyezi iwiri.

Kwawo kwa Elesi, mchombo wa khanda ukagwa sautaya pamtunda. Amaukwirira mobisa, malo ake n'kudziwa mayi ndi azimayi aakulu okha, ndipo mwamuna samuuza. Kumudzi malo otero sasowa. Koma ku Matero, m'kabwalo kotha ndi mapazi khumi, Elesi anasankha pangodya ya kutsogolo, m'mphepete mwa nkhadze, pamene munthu sankapondapo. Michombo itatu inagona pamenepo. Sanaikepo mwala kapena duwa. Ankangochepetsa dzanja posesa akafika pangodyapo.

Mu Seputembala wa 1961 msewu wawo unamva nkhani yabwino. Mussa, mwini sitolo ya kumapeto kwa msewuwo, anali atagula chigayo choyendera magetsi, ndipo anthu a magetsi anavomera kukoka mawaya kuchokera ku msewu waukulu. Mapolo akhala asanu ndi anayi, ndipo pa atatu mwa iwo padzapachikidwa mababu owalitsa msewu. Amuna anakondwera ndi mababu. Azimayi anamva mawu amodzi okha: chigayo.

"Malaiti aya achokera ku Kariba," Dyton ankafotokozera aliyense wodutsa. "Ni manzi a Zambezi. Akagwa azungulutsa chimakina, basi moto ulowa mu waya."

"Manzi kupanga moto?" anatero Angelina, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anabadwira m'tauni ndipo pakamwa pake sipankazizira. "Ba Dyton, mumamwa chani ku sitesheni? Nanga ine nikathira manzi pa mbaula, ni chifukwa chani izima?"

Lolemba lotsatira kunabwera mzungu woyeza malo ndi chipangizo cha miyendo itatu. Elesi, amene ankapeta pakhonde, anamuonetsetsa. Mzunguyo anaima pa polo lakale la ku msewu waukulu, antchito ake atagwira ndodo zazitali moimika, iye n'kumasuzumira, kukupiza dzanja uku, kukupiza uko, mpaka ndodo zonse zitabisalana. Pamene panaima ndodo ankakhomapo chikhomo chopaka penti yofiira. Chikhomo chachisanu ndi chiwiri chinalowa pangodya ija.

Masiku awiri Elesi anachizungulira chikhomocho. Anali ataona maenje a mapolo ku msewu waukulu: ofika m'chiuno, othiramo simenti. Iye akanamuuza chiyani mzunguyo, ndipo m'chinenero chiti? Ngakhale Dyton, Elesi sakanatha kumuuza. Lachitatu m'mawa, akusesa, anachigwedeza chikhomocho, chinazuka mosavuta, ndipo anachisuntha phazi limodzi ndi theka kulowera kumsewu. Anakulunga nsanza kumutu kwa munsi kuti usamveke, n'kuchikhomanso. Pa msewu wautali chonchi, anaganiza, phazi limodzi angalione ndani?

Analiona Angelina, ali kuseri kwa nkhadze ndi mswachi m'kamwa. Chikhomo chake chinali pafupi kwambiri ndi mwala wake wochapirapo, mwala waukulu wosalala umene anaunyadira kuposa mipando ya m'nyumba. Pofika masana chikhomocho chinali chitalowa mapazi awiri m'kati mwa bwalo. Ndipo pa msewu umene azimayi amakumana ku pompi katatu pa tsiku, kanthu kotere sikakhala ka anthu awiri.

Lachisanu la mlungu winawo kunafika kapitao wa okumba, bambo wamfupi wa ndevu zoyera dzina lake Whyson. Anagwada pa chikhomo choyamba, n'kutsinzina diso limodzi. Anakhala motero nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anavula chipewa, n'kukanda pamutu.

"Azimayi, bwerani kuno nifunseko," anatero. "Pano panapita njoka, kapena mzungu anali atamwa?"

Mmodzi anakonza duku, wina anayang'ana mwana wa mnzake.

"Waya siukhota monga njira ya ku pompi," Whyson anapitiriza. "Polo limodzi likaima uku, lina uko, waya ukakoka vizagwera pa nyumba zanu. Woyeza ali ku Chilenje, sabwerera kuno mvula isanagwe, ndipo mvula ikagwa ife sitikumba. Ine ananiuza kuti nikapeza vikhomo vasokonezeka, mapolo nipereke kwina. Bofuna ni bambiri." Anavalanso chipewa, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. "Lolemba nizabwera na lole ya mapolo. Nizayang'ana kamodzi chabe. Vikakhala vowongoka, nikumba, ndipo sinizafunsa kuti wawongola ni ndani."

Madzulo a tsikulo zidebe zinasefukira ku pompi popanda wozichotsa. Anayamba kuulula ndi amake Edwell, amene anasuntha chikhomo poopa kuti mango awo adulidwa. Wina anati chinali chitaloza pakhomo penipeni, alendo akanamagunda mutu. Magdalene, mayi wachikulire wa nyumba yachisanu, anati chinali pa khola la nkhuku. Cathrine, mtsikana wongokwatiwa kumene, analira kuti iye analibe chifukwa chilichonse: anangoona onse akusuntha, n'kuyesa kuti ndi lamulo latsopano. Apa azimayi anaseka mpaka kugwirana mapewa, koma kuseka kunatha msanga, poti aliyense anakumbukira mtondo umene unali kumudikira kunyumba.

"Koma anayamba ndani?" anafunsa amake Edwell.

"Ine n'nali chabe mwana wa sukulu," anatero Angelina. "Aphunzitsi alipo pano."

Elesi anatula chidebe. Mawu anawatembenuza kamodzi kokha.

"Ndine. Ndalakwira msewu wonse." Kenako anawonjezera: "Pangodya paja pali ana."

Panalibe amene anafunsa kuti ana ati. Magdalene anapukuta manja pa chitenje, n'kunena motsitsa mawu: "Kodi mukuyesa kuti ine ndimalirira nkhuku zitatu zija? Khola ndinaliika pamenepo dala."

Wina anati angobweza zikhomo m'maenje akale. Koma maenjewo anali kuti? M'mawa uliwonse, masiku asanu ndi anayi, tsache linali litadutsapo, ndipo mabwalo onse anali osalala ngati sanakhomedwepo kanthu. Ndipo ngakhale akanawapeza, ndiye kuti fosholo ikalowa pangodya ya Elesi ndi pansi pa khola la Magdalene.

Elesi anapita kunyumba, anaphika, anasambitsa ana, koma maso ake ankangoona ndodo zija zikubisalana. Sikunali koyamba kuziona. Ali mtsikana ku Katete, alangizi a zaulimi ataumiriza anthu kulima mizere yoyezera, iye ndi amene ankagwirira bambo ake timitengo, iwo ali kumapeto kwa munda n'kumakuwa kuti sendera, wapitirira, bwerera pang'ono. Ndipo anakumbukira kuti bambo ake akapeza chitsa panjira sankakhotetsa mzere. Ankasiya kamtengo koyamba pamene kali, n'kusuntha kotsiriza, mzere wonse n'kutembenuka ngati chitseko.

Loweruka m'mawa anafika kwa Angelina asanatenge n'komwe tsache.

"Ba Angelina, mutu wa mzere uli ku msewu waukulu, sungasunthe. Koma mchira uli pabwalo la a Mussa, ndipo bwalo lawo ndi lalikulu. Mchira ukapita chakumsewu, zikhomo zonse zitsatira, ndipo mzere ukhalabe wowongoka. Mukawapemphe ndinu. Ine ndikayamba kulankhula, sitolo itsekedwa ndisanamalize."

Angelina anapita, ndipo sanachedwe. "Bakuti polo liime pamene tifuna, ngakhale pa denga, malinga chigayo chilire."

Ndodo zazitali zowongoka analibe, koma nyumba iliyonse inali ndi munsi. Choncho dzuwa lisanatenthe, anthu opita ku msika anaona zachilendo: azimayi asanu ndi anayi ataima motalikirana kuchokera ku msewu waukulu mpaka kwa Mussa, aliyense atagwira munsi moimika patsogolo pake, nkhope ili gwa. Amuna a pa njinga anatsika kuti aone.

"Nkhondo ni ya kuti, ba sajeni?" mmodzi anafunsa Angelina.

"Ni ya kunyumba kwanu. Pitani mukaone ngati mkazi wanu akaliko."

Elesi anagwada pa polo lakale, pamene mzungu uja anaima, n'kutsinzina diso. Mawu ake sakanafika ngakhale pa munsi wachitatu, choncho anamangirira duku lake loyera kunsonga ya bango. Likapendekera kumanja, wogwira munsi asendere kumanja. Likaima njo, aime. Anayamba ndi wotsiriza, mkazi wa Mussa, n'kumusendeza mpaka pamene panali benchi la makasitomala. Kenako anabwera chobwerera, mmodzimmodzi. Cathrine ankasendera kumanzere duku likaloza kumanja, mpaka Magdalene anasiya munsi wake n'kukamutembenuza ndi mapewa. Mutu wa Elesi unali pamtunda pamaso pa amuna onse aja, ndipo iye sanazindikire n'komwe.

Kutalikirana kwa zikhomo anakuyeza ndi zingwe zoyanikira zovala, zolumikizalumikiza. Muyeso anautenga pakati pa chikhomo choyamba ndi chachiwiri, zokhazo zimene sizinakhudzidwe, chifukwa zinali pakhomo pa amuna awiri osakwatira amene sankasesa ndipo mwina sanadziwe kuti pabwalo pawo pali zikhomo. Tsiku limenelo msewu wonse sunachape, ndipo Lamlungu amuna ambiri analowa m'tchalitchi atavala jekete pa kutentha konse kuja, kubisa makolala.

Kanayi konse Elesi anasendeza mchira. Ukapita pang'ono, chikhomo chachisanu chinkakhudzabe khola la Magdalene. Ukapita kwambiri, mapolo otsiriza ankalowa m'msewu moti lole sikanadutsa. Atapeza pakati, minsi isanu ndi inayi inasanduka munsi umodzi m'diso lake. Khola linapulumuka ndi phazi limodzi, ngodya yake ndi phazi limodzi ndi theka. Koma mzere watsopanowo unali ndi zofuna zake. Unadya nthambi yaikulu ya mango a amake Edwell. Unagwera ndendende pa papaya amene Elesi anabzala kunja kwa mpanda, atangoyamba kubala chaka chomwecho. Ndipo chikhomo chachisanu ndi chimodzi chinafuna pakati penipeni pa mwala wa Angelina.

"Amake Dingani, yang'ananinso bwino," anatero Angelina. "Mwina diso lanu lalema."

"Ndayang'ana kawiri."

"Ndiye kuti pa ise tonse, wakuba amene agwidwa nine neka?"

Azimayi asanu ndi atatu anaukunkhuniza mwalawo ndi minsi, akuimba nyimbo yosinjira, Angelina akuwalamula ngati wanyamulitsa kabati ya magalasi. Anauika kuseri kwa nyumba, pamthunzi, ndipo patapita mlungu mwini wake anayamba kuuza anthu kuti maganizo osamutsa mwalawo anali ake kuyambira kale.

Dyton anabwera ku ntchito masana n'kupeza mkazi wake ataima pa papaya, chikwanje chili m'manja, osadula.

"Amake Dingani, polo silikanaima pangodya apa? Palibe kanthu apa. Papaya uyu mwamuthirira zaka ziwiri."

"Pangodyapo pali zanga," anatero Elesi.

Dyton anayang'ana pangodyapo, dothi losesedwa bwino, n'kuyang'ananso mkazi wake. Anamulanda chikwanje mofatsa. "Thyolani kaye mapapaya, tizaphika aawisi," anatero, ndipo anadula yekha.

Lolemba lole inafika itasenza mapolo akuda onunkha phula. Azimayi onse anapezeka ali ndi chochita kutsogolo kwa nyumba zawo. Whyson anatsika, anagwada, anatsinzina diso. Anali atanena kuti adzayang'ana kamodzi, koma anayang'ana katatu. Kenako anayenda msewu wonse ndi tepi yake yoyezera. Anaima pa chitsa chatsopano cha papaya, anaona dothi lachinyezi pamene panali mwala, n'kupitirira mpaka kwa Mussa.

"Ba Mussa, mzungu anasiya mchira paja. Wayenda."

"Bwalo ni langa, ba kapitao. Benchi linanitopetsa."

Whyson anapinda tepi pang'onopang'ono. "Pakati pa chachinayi na chachisanu paperewera chala chimodzi," anatero. "Chala nizachipeza neka. Kumbani."

Angelina anaimba nthungululu. Elesi anangokhala pansi pakhonde.

Kukumba kunatenga masiku khumi ndi awiri, chifukwa pansi pa Matero pali mwala woyera wouma umene unkabweza piki. Simenti inafuna madzi, ndipo madziwo anachokera ku pompi pamitu ya azimayi, chidebe pambuyo pa chidebe, pakati pa kuphika ndi kuchapa. Okumba anafuna chakumwa, ndipo Magdalene anafulula munkoyo katatu. Miyala yotsala m'mbali mwa maenje inatoledwa ndi manja omwewo kuti ana asapunthwe. Pa tsiku lotsegulira chigayo kunabwera akuluakulu ovala mataye, ndipo anathokoza woyeza malo chifukwa cha mzere wokongola, anathokoza kapitao ndi anthu ake, anathokoza Mussa. Elesi anali kumbuyo, Marjory ali m'manja, ndipo anaomba nawo m'manja. Angelina anamugunda ndi chigongono.

"Mwamva? Bakuti muli na diso labwino, ba mzungu."

Elesi anaseka mobisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, mpaka Magdalene anawadzudzula onse awiri.

Kenako Mussa anakankha chitsulo cha pakhoma, ndipo chigayo chinayamba ndi kung'ung'udza, n'kukwera, n'kudzaza msewu wonse. Chinalibe utsi kapena fungo la mafuta. Azimayi anapanikizana pakhomo kuti aone ufa ukutsika m'thumba, ndipo amake Edwell anaikamo dzanja n'kulitulutsa msanga, akuti ufawo ndi wofunda ngati wamoyo. Mvula yoyamba itagwa, inswa zinasonkhana pa babu la pakhomo pa Angelina, ndipo msewu wonse unathamangirako ndi mabeseni. Iye anayesa kunena kuti inswazo ndi zake poti polo lili pakhomo pake, koma palibe anamumvera.

Elesi anakhala ku Matero zaka zina zambiri, ndipo anthu a msewuwo akafuna kumanga mpanda kapena kuyala maziko a khitchini ankatuma mawu kuti amake Dingani adzaoneko. Koma tsiku limene iye ankakonda kulikumbukira linali Lachiwiri loyamba chigayo chitatsegulidwa. Anadzuka nthawi yake ya masiku onse, anasenza dengu, anayenda nyumba ziwiri zokha, n'kudikira anthu atatu pamzere wa kuchigayo. Pobwerera, nsidze zili mbuu ndi ufa, dzuwa linali lisanakwere pamwamba pa madenga. Anayanika ufa. Anasesa pamene anali atasesa kale. Anatsuka mphika woyera. Anaima pakati pa bwalo, manja ali lende, osadziwa kowaika. Potsiriza anatulutsa mphasa, anaiyala pamthunzi wa nyumba, n'kugona chagada, Marjory akusewera ndi zala za kumapazi kwake.

Mutu wa Angelina unatulukira pamwamba pa nkhadze.

"Amake Dingani, mwadwala?"

"Iyayi."

"Nanga ni chani?"

Elesi sanatsegule maso. "Ndikuyesa kuona mmene amachitira amuna Lamlungu."

Angelina anazimiririka, ndipo posakhalitsa anatulukira pachipata atakwapatira mphasa yake.

"Senderani uko," anatero. "Niyeseko naine."